Chidapha Galimoto ya Amalume N'chiyani?

Pa tchuthi chapitachi, m'mwezi wa Ogasiti, ndidaona ndi maso anga galimoto ikufa. Linali Loweruka m'mawa. Amalume anga, amene amanyamula anthu pakati pa Mitundu ndi Lilongwe pa kagalimoto kawo kakang'ono, adatitenga kuti tipite ku chinkhoswe cha msuweni wanga ku Nathenje. M'galimoto ya anthu asanu tidadzazanamo asanu ndi atatu, kumbuyo kuli matumba awiri a ufa ndi chigubu cha thobwa. Pofuna kudula njira tidadzera misewu yafumbi ya m'midzi m'malo mozungulira ku Lilongwe.

Titayenda ndithu, ndidaona kanyali kofiira, kooneka ngati ketulo, katayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Ndidati, "Malume, kanyali aka kayaka." Iwo adangoseka nati, "Kasiye mphwanga, kamatero. Tikafika pa Nathenje tikathira oyilo." Sipadapite mphindi zisanu, m'injini mudayamba kumveka phokoso, kho! kho! kho! ngati munthu akukhoma msomali. Galimoto idafooka, idanjenjemera, kenaka idangoti zii. Amalume adapotokola kiyi kangapo konse koma injini sidatembenukenso. Ku chinkhoswe tidafika wapansi anthu atadya kale, ndipo galimotoyo adachita kuikoka ndi ng'ombe zapangolo mpaka pa msewu wa tala.

Nkhaniyi idandikhudza kwambiri chifukwa fizi yanga imachokera m'galimoto imeneyi. Nchifukwa chake kwa masiku atatu ndidakhala pa galaja ina pa Nathenje, kumapatsira masipanala a makaniko amene ankamasula injiniyo, uku ndikuwafunsa mafunso. Amalume ankadandaula kuti galimoto yafa mwadzidzidzi. A makaniko adawayankha kuti, "Ayi achikulire, injini iyi yakhala ikulira miyezi yambiri. Inu ndiye simunkamva." Zimene ndidaphunzira pamenepo, pamodzi ndi zimene timaphunzira m'kalasi ya sayansi, ndi zimene ndafuna kugawana nanu awerengi.

Ntchito ya oyilo

Injini ya petulo imene ili m'magalimoto athu imatsata nzeru imene Nikolaus Otto wa ku Germany adaikonza m'chaka cha 1876. M'kati mwake muli mabowo otchedwa masilinda, kawirikawiri anayi, ndipo m'bowo lililonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika monga chimachitira chitsulo cha m'pampu ya njinga. Pisitoni imakoka mpweya ndi petulo, imazipanikiza, pulagi imayatsa moto umene umaikankhira pansi, pomaliza imakweranso kutulutsa utsi. Mphamvu imeneyi imatembenuza chitsulo chachikulu chokhotakhota chimene amakaniko amachitcha crankshaft, ndipo kuchokera pamenepo imakafika ku matayala.

Tsono taganizirani liwiro lake. Galimoto ikamathamanga pa msewu wa M1, crankshaft imatha kuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi. Tikagawa ndi 60 tipeza kuti pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi imodzi yokha. Makolo athu ankapeka moto pongokhulanitsa timitengo tiwiri ndi manja. Nanga zitsulo zokhulana mothamanga chotere zingatenthe bwanji? Chimene chimaziteteza ndi oyilo. Iye amakhala m'chibeseni cha pansi pa injini chotchedwa sampu, ndipo pampu imamukankha kudzera m'timipata ting'onoting'ono kuti akalowe pakati pa chitsulo ndi chitsulo chinzake. Pamenepo amayala kachikopa kopyapyala kuposa tsitsi, kotero kuti zitsulo zija zimatsetsereka pa oyiloyo osagundana. Oyilo yemweyo amachotsa kutentha, amatsuka mwaye n'kukausiya mu sefa, ndiponso amathandiza kutseka mpata pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yonseyi, m'galimoto yaing'ono, imagwiridwa ndi malita atatu kapena anayi basi.

Kodi oyilo amapita kuti?

A makaniko adandiuza kuti oyilo ali ndi njira ziwiri zothawira: kudontha kapena kupsa. Kudontha n'kosavuta kukuona. Magasiketi ndi mphira zotseka m'malumikiziro zikakalamba zimauma n'kuyamba kuchucha, ndipo m'misewu yathu ya mabampu mwala umatha kuboola sampu. Mukaona madontho akuda pamene galimoto yagona usiku, dziwani kuti penapake patseguka.

Kupsa ndiye koopsa chifukwa sikusiya dontho pansi. Pisitoni iliyonse imavala mphete, kawirikawiri zitatu, zimene amakaniko amati maring'i. Ziwiri zapamwamba zimatsekereza mphamvu ya moto, pamene yachitatu imapala oyilo pa khoma la silinda n'kumubwezera pansi. Mphetezi zikadyeka kapena zikamatirira ndi mwaye, oyilo amakwera kukafika pamene pali moto ndipo amapsa limodzi ndi petulo. Njira ina ndi ya timphira ta pa mavavu, pamwamba pa injini, timene tikauma timalola oyilo kutsikira m'masilinda. Palinso kavavu kakang'ono kotchedwa PCV kamene kamatulutsa mpweya woipa m'mimba mwa injini. Kakatsekeka, mpweyawo umakankha oyilo kuti atulukire paliponse pofooka, chonsecho ndi kachitsulo kotsika mtengo.

Galimoto yopsereza oyilo imadziulula ndi utsi. Utsi wabuluu ndiye wa oyilo. Ukamatuluka m'mawa polizira injini n'kuleka, kawirikawiri vuto ndi timphira ta pa mavavu tija, koma ukamachuluka pokwera mtunda kapena poponda moto, akukayikiridwa ndi maring'i. Utsi wakuda umasonyeza kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya. Utsi woyera wambiri umene sukuleka ngakhale injini yatentha umasonyeza kuti madzi a mu rediyeta akulowa m'masilinda, ndipo nthawi zambiri oyilo wa galimoto yotere amaoneka ngati tiyi wamkaka. Ya amalume idayamba utsi wabuluu nthawi ya Pasaka. Akabaza a pa Mitundu ankaiseka kuti ikuotcha makala, ifenso n'kumaseka nawo.

Chifukwa chiyani kwathu kuno?

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri m'Malawi muno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe ku Karonga. Amafika atayenda kale mtunda wautali, ndipo timabuku tawo tofotokoza kasamalidwe timakhala m'Chijapanizi, kapena sitibwera n'komwe. Akafika kuno amakumana ndi adani amene sadawazolowere.

Mdani woyamba ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, misewu ya m'midzi ya kuno kwathu imakhala fumbi lokhalokha, ndipo fumbi ndi timiyala tosalala m'maso koma takuthwa pa chitsulo. Sefa ya mpweya ikang'ambika, fumbilo limalowa m'masilinda n'kumapala maring'i tsiku ndi tsiku. Sefa ya amalume idali itabooka chifukwa choimenyetsa pa tayala poikung'untha, m'malo mogula ina. Mdani wachiwiri ndi oyilo wokalamba. Oyilo akakhalitsa amada, amasanduka phala, ndipo amatseka timabowo ta pa pisitoni timene timabwezera oyilo pansi. Kuthira wina pamwamba si kusintha ayi, kuli ngati kuthira madzi oyera mumtsuko wosatsuka. Wachitatu ndi katundu wopyola muyeso, amene amatenthetsa injini koposa. Wachinayi ndi oyilo wosadziwika kochokera, wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu, amene mwina adagwirapo kale ntchito m'galimoto ina.

Pano tichiteko masamu. Timabuku ta magalimoto ena timanena kuti injini ikhoza kudya mpaka lita imodzi pa makilomita 1,000. Kuchoka pa Mitundu kufika mu Lilongwe ndi makilomita oposa 30. Woyendetsa amene amapita ndi kubwerako katatu amayenda pafupifupi makilomita 200 pa tsiku, ndiye kuti makilomita 1,000 amakwana m'masiku asanu. Injini yake ikamadya lita imodzi pa mtunda umenewu, pakutha pa masabata awiri oyilo woposa theka wapita, pa sabata yachitatu sampu yauma. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Imfa ya injini

Chinthu chimene amalume sankachidziwa, ndipo ndikhulupirira kuti enanso ambiri sachidziwa, ndi ichi: kanyali kofiira kaja sikayeza kuchuluka kwa oyilo. Kamayeza mphamvu imene pampu ikumukankhira. Kakayaka galimoto ikuyenda, ndiye kuti oyilo waleka kale kufika ku zitsulo. Kwa masabata angapo kanyali ka amalume kankangophethira pokhota ndi pa mabampu, chifukwa oyilo wochepa uja ankathawira mbali imodzi ya sampu, pampu n'kumakoka mpweya. Tsiku lija kadayakiratu.

Zotsatira zake zimachitika msanga. Timbale tofewa timene crankshaft imagonapo, mabeyaring'i, timayamba kukhulana ndi chitsulo popanda chotchinga. Timatentha, timadyeka, ndipo mpata umene watsala ndi umene umabweretsa phokoso lija la kho! kho! Apa ndi pamene anthu amati injini yanoka. Woyendetsa akaumirirabe, zitsulo zimasungunuka n'kumatirirana mpaka injini kuuma gwa, mwinanso mkono wa pisitoni umathyoka n'kuboola injini m'nthiti. A makaniko adandionetsa crankshaft ya amalume. Idali itasanduka yabuluu ndi moto, ndipo mu sampu mudatsala oyilo wosadzaza n'komwe botolo la lita imodzi, wodzaza ndi tizitsulo tonyezimira.

Tisaganize kuti zimenezi zimagwera magalimoto akale okha. M'chaka cha 2015 kampani ya Hyundai idaitanitsa magalimoto a mtundu wa Sonata pafupifupi 470,000 ku America, opangidwa ngati a chaka cha 2011 ndi 2012, chifukwa popanga injini zake tizidutswa ta chitsulo tidatsalira m'timipata ta oyilo ta mu crankshaft. Tizidutswato tinkatchinga oyilo, ndipo injini zina zinkazima galimoto ili pa liwiro. Ngakhale injini ikhale yatsopano, oyilo akalephera kufika pamalo pake mapeto ake ndi omwewo. Kuzima kotereku kungathe kuphetsa anthu, chifukwa injini ikazima mabuleki amalimba, ndipo m'magalimoto ambiri chiwongolero chimalemeranso.

Tingatani tsono?

Choyamba ndi kuyeza oyilo, ntchito imene sitenga ngakhale mphindi zitatu. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, m'mawa musanailize kapena patapita mphindi khumi mutaizimitsa. Tsegulani boneti, sololani kandodo koyezera kamene amakatcha dipstick, kapukuteni ndi kansanza koyera, kabwezereni mpaka pansi, n'kukasololanso. Oyilo azikhala pakati pa zizindikiro ziwiri zimene zili kunsonga kwake. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuchokera pa chizindikiro chapansi kufika pa chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Musapyoze chapamwambacho, chifukwa oyilo wochuluka amapanga thovu ndipo thovu siliteteza chitsulo. Galimoto ya pakhomo iyezedwe sabata iliyonse ndiponso usanayambe ulendo wautali, koma yonyamula anthu iyezedwe m'mawa uliwonse.

Chachiwiri, lembani m'kope tsiku, makilomita ndi oyilo amene mwathira. Mukatero mudzadziwa msanga ngati injini yayamba kudya kwambiri, nthawi yosintha maring'i kapena timphira isadapite. Chachitatu, sinthani oyilo pamodzi ndi sefa yake pa nthawi yake. Kwa galimoto yoyenda m'fumbi ndi yonyamula katundu, amakaniko ambiri amalangiza makilomita 5,000 aliwonse, ndipo sefa ya mpweya nayo iziyang'anidwa kawirikawiri. Chachinayi, gulani oyilo wa m'chigubu chosatsegulidwa, wa nambala yoyenera injini yanu. Manambala monga 5W-30 ndi 20W-50 amanena za kulimba kwa oyilo pozizira ndi potentha: nambala ikakula, oyilo ndi wokhuthala. Injini zambiri za masiku ano zili ndi timipata topanikiza timene timafuna oyilo wopepuka. Kuthira wokhuthala kuti utsi uchepe ndi kungobisa matenda.

Chachisanu ndiye chachikulu. Kanyali kofiira kakayaka, patukani bwinobwino, imani ndipo zimitsani injini nthawi yomweyo. Yezani oyilo. Ngati wachepa thirani, koma kanyaliko kakapanda kuzima, galimoto imeneyo ndi yokoka, si yoyendetsa. Kuchedwa ku chinkhoswe kuli ndi mankhwala ake.

Mawuwa ndikulankhula kwa makolo amene galimoto zawo zimatilipirira sukulu, kwa Abambo athu amene amayenda m'misewu yafumbi kupita ku matchalitchi akutali kapena kwa odwala usiku, komanso kwa anzanga amene tsiku lina tidzapatsidwa makiyi a galimoto yogulidwa ndi thukuta la anthu ena. Safunsa adadya phula: musachite manyazi kupempha makaniko kuti akuonetseni pamene pali kandodo kaja.

Amalume adagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zimene ankasungira mavuto, kuti agule injini ina yakale, ndipo galimoto idakhala pansi masabata asanu ndi limodzi osalowetsa kanthu. Ine ndidabwerera kusukulu ndi theka la fizi, lina likubwera pang'onopang'ono. Lita ya oyilo imene ikadapulumutsa zonsezi mtengo wake sukadafika ngakhale pa mbuzi. Masiku ano, ndikumva kuti anthu akamakwera pa Mitundu m'mawa amayamba adikira kaye, chifukwa amalume sanyamuka boneti isadatsegulidwe.