Tsiku la Wodzipereka Pakati pa Ana ku Kolkata

Ambiri a ife tikamva za anthu amene amasiya kwawo kukathandiza ana kudziko lina, timangoganiza za chithunzi cha mlendo womwetulira atanyamula mwana. Koma kodi munthu wotereyu amachita chiyani kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa? Pofuna yankho, ndinawerenga za nyumba za ana za asisitere a chipani cha Missionaries of Charity mumzinda wa Kolkata ku India, umene mpaka chaka cha 2001 unkatchedwa Calcutta. Ndafuna ndikugawireni zimene ndinapeza.

Chipanichi anachiyambitsa ndi Mayi Teresa mu 1950. Mu 1955 anatsegula nyumba ya ana yotchedwa Shishu Bhavan, ndipo mu 1998, iwo atamwalira kale, asisitere anatsegula ina yotchedwa Daya Dan yosamaliramo ana olumala. Odzipereka amachokera kumayiko monga Spain, Japan ndi South Korea, ndipo si onse amene ali Akatolika. Salandira malipiro. Ulendo, malo ogona ndi chakudya amalipira okha.

Tsiku limayamba 6 koloko m'mawa ndi Misa kunyumba yaikulu ya asisitere, kumene kuli manda a Mayi Teresa. Ikatha Misa, odzipereka amamwa tiyi wa mkaka ndi buledi ndi nthochi. Kenaka amagawikana m'magulu, ena wapansi, ena pa basi, kupita kunyumba zimene anapatsidwa.

Akafika, amavala epuloni n'kuyamba ntchito. Pali kuchapa zovala ndi nsalu zofunda pamanja n'kukaziyanika padenga, kuyala mabedi, kusintha matewera ndi kuveka ana. Ana amene sangathe kuyenda amafunika kuwaongola manja ndi miyendo tsiku ndi tsiku kuti isaume. Ena amaphunzitsidwa kuwerenga, kujambula ndi kuyimba. Ntchito yofuna mtima wodekha koposa ndi kudyetsa. Mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa sameza msanga, choncho mbale imodzi ya mpunga ndi mphodza imatenga nthawi yaitali, sipuni imodzi imodzi. Womudyetsa akapupuluma, mwanayo atha kutsamwa. Kuwonjezera apo, anthu a kumeneko amalankhula Chibengali ndi Chihindi, motero mlendo amadalira manja, nkhope ndi mawu ochepa amene waphunzira.

Masana ana akagona, odzipereka amapita kukapuma, ndipo ena amabwereranso cha m'ma 3 koloko. Lachinayi sagwira ntchito chifukwa ndi tsiku limene asisitere amalipatula kuti apemphere. Kujambula ana mwachisawawa n'koletsedwa. Lamulo limeneli ndinalikonda, pakuti mwana si chinthu chokaonetsa anzako ukabwerera kwanu.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene chinandikhudza kwambiri. Pa tiyi wa m'mawa uja, odzipereka amayimbira nyimbo yothokoza anzawo amene akutsanzika tsiku limenelo. Ena amakhala miyezi ingapo, koma ambiri amangokhala masiku ochepa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kwa wamkulu kutsanzikana n'kwachizolowezi, koma mwana wamng'ono amazolowera munthu amene amamunyamula. Munthuyo akachoka, wina n'kubwera, nayenso n'kuchoka, mwana amafika pothamangira mlendo aliyense kapena posakhulupiriranso aliyense.

Izi si zongoganiza ayi. Kuyambira chaka cha 2000, akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba za ana amasiye mumzinda wa Bucharest ku Romania. Anapeza kuti ana amene anatengedwa kukaleredwa m'mabanja, makamaka asanakwanitse zaka ziwiri, anakula bwino m'nzeru ndiponso pa kukhala ndi anthu kuposa amene anatsala m'nyumbazo. Mu 2019 msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations unapempha mayiko kuti aziyesetsa kulera ana m'mabanja, ndiponso kuti athane ndi zovuta zimene zimabwera ndi alendo odzipereka m'nyumba za ana amasiye.

Kodi pamenepa tinene kuti kudzipereka n'koipa? Ine ndikuti iyayi. Alipo ana, makamaka olumala kwambiri, amene sanapezebe banja lowalandira, ndipo manja owasamalira ndi ochepa. Koma amene amawadziwadi anawa ndi asisitere ndi amayi a kumeneko olembedwa ntchito, amene amakhala nawo chaka ndi chaka. Wodzipereka wanzeru amadziwa kuti wabwera kudzapeputsa katundu wa amayi amenewa. Iye akachapa mulu wa matewera, mayi uja amapeza mpata wokhala pansi n'kumufungatira mwana amene adzamuonebe mawa ndi mkuja.

Anzanga, ena mwa ife tsiku lina adzapezeka kudziko lachilendo pakati pa ana. Amene adzapite akhalitseko monga angathere, amvere eni malo, asalonjeze mwana kuti adzabweranso pamene sakutsimikiza, ndipo asanyansidwe ndi beseni lochapira. Mwanayo mwina sadzakumbukira dzina la mlendoyo, koma adzakhala atagona pa nsalu yoyera, atakhuta, osatsamwa.