Ndani amagwira dzanja loya wa boma pa milandu ya makompyuta ku America?

Ku America, loya wa boma akafuna kuimba munthu mlandu wolowa m'kompyuta ya eni popanda chilolezo, sangodzuka n'kulowera kukhothi. Ayenera kuyamba wafunsa nthambi ina ya unduna wa zachilungamo ku Washington. Ndondomeko imeneyi idabwera anthu atapwetekeka kale, ndipo ikuonetsa kuti ntchito yaikulu ya woyang'anira maloyawa ndi kudziwa nthawi yokaniza mlandu.

## Maloyawa ali kuti?

Makhothi a boma lalikulu la America adagawidwa m'zigawo 94, ndipo chigawo chilichonse chili ndi ofesi yoimira boma pa milandu. Akuluakulu a maofesiwa alipo 93, chifukwa zilumba za Guam ndi Northern Mariana zimagawana mmodzi. Amawasankha ndi pulezidenti. M'maofesimo muli maloya ophunzitsidwa mwapadera za umbava wa pa kompyuta ndi kuba ntchito zaluso za ena, omwe amadziwika ndi dzina loti CHIP. Gulu loyamba la CHIP adalikhazikitsa Robert Mueller mu 2000 kumpoto kwa California, dera la makampani a makompyuta, asanakhale mkulu wa FBI.

Nthambi ya ku Washington ija imatchedwa CCIPS. Idayamba mu 1991 ngati kagulu ka maloya ochepa, n'kukhala nthambi yokwanira mu 1996. Choncho loya wa CHIP ali ndi maso awiri omupenya: bwana wa mu ofesi yake, amene amawerenga chikalata cha milandu chisanapite kukhothi, ndi akatswiri a CCIPS, amene amaona zochitika m'dziko lonse.

## Lamulo lotambalala kwambiri

Chida chachikulu cha maloyawa ndi lamulo la 1986 lotchedwa Computer Fraud and Abuse Act. Lidalembedwa intaneti isanafike m'nyumba za anthu, ndipo lakonzedwa kangapo mpaka lero limafika pafupifupi pa kompyuta kapena foni iliyonse yolumikizika ku intaneti. Limaletsa kulowa m'kompyuta popanda chilolezo komanso kupyola malire a chilolezo chimene munthu wapatsidwa. Gawo lachiwirili ndi lomwe lidavuta. Kodi kalaliki woonera mpira pa kompyuta ya kuntchito, pomwe abwana adaletsa, wapalamula mlandu wopita nawo kundende? Kwa zaka zambiri makhothi a apilo ankatsutsana pa funsoli.

Khothi lalikulu la dzikolo lidayankha pa 3 June 2021 pa mlandu wa Nathan Van Buren, wapolisi wa ku Georgia amene adalandira ndalama kuti afufuze nambala ya galimoto m'kaundula wa apolisi. Majaji 6 mwa 9 adati zomwe adachitazo n'zoipa ndithu, koma sizigwera pa lamuloli, popeza kaundulayo anali ndi chilolezo cholowamo. Taganizirani: padadutsa zaka 35 malire a lamulo asanadziwike bwino. M'zaka zonsezo, chomwe chinkateteza munthu wamba chinali nzeru za loya wa boma ndi za womuyang'anira.

## Aaron Swartz

Dzina limene limatchulidwa nkhaniyi ikayamba ndi la Aaron Swartz, mnyamata waluso pa makompyuta amene ankalimbikira kuti zolemba za ophunzira zizipezeka kwa aliyense. Kumapeto kwa 2010 adalumikiza laputopu yake pa netiweki ya sukulu ya MIT n'kukopera nkhani zoposa 4 miliyoni kuchokera ku JSTOR, nkhokwe ya magazini a maphunziro. Adamangidwa mu January 2011. Adabweza zonse zimene adakopera, ndipo a JSTOR adati sakufuna kupitiriza naye nkhani.

Ofesi ya boma ku Massachusetts, motsogozedwa ndi Carmen Ortiz, idapitiriza. Polengeza milandu yoyamba idati akhoza kukakhala kundende zaka 35, ndipo mu September 2012 milanduyo idachulukitsidwa kufika 13. Kumbali, maloya a boma ankamuuza kuti akavomera, akakhala miyezi pafupifupi 6. Pa 11 January 2013 Swartz adadzipha, ali ndi zaka 26.

Palibe angalowe mumtima mwa womwalira n'kunena chonse chidamutsogolera kumeneko. Koma mpata wa pakati pa miyezi 6 ndi zaka 35 ukundivutitsa maganizo. Ngati boma lenilenilo linkaona kuti cholakwacho chikuyenera miyezi, zaka zija zinali zoopsezera kuti avomere msanga. Kuunjika milandu pa chinthu chimodzi, kulengeza chilango chachikulu chomwe aliyense m'ofesimo akudziwa kuti jaji sangapereke, kupitiriza pomwe wolakwiridwa wasiya: zonsezi zimadutsa pa desiki ya woyang'anira, ndipo pa chilichonse akadatha kufunsa kuti, “Kodi tikufunadi chiyani kwa munthuyu?”

## Zimene zidasintha

Mu 2014 nduna ya zachilungamo Eric Holder idalamula kuti loya aliyense azikambirana ndi CCIPS asanaimbe munthu mlandu pa lamulo la 1986, ndipo aziyeza kukula kwa chiwonongeko, mtundu wa zomwe zabedwa ndi ngati palibe njira ina yothetsera nkhaniyo. Pa 19 May 2022 undunawu udaonjezera mfundo yofunika: munthu wofufuza mabowo m'mapulogalamu ndi mtima wofuna kuti atsekedwe asaimbidwe mlandu. Kunama pa tsamba lopezerapo chibwenzi kapena kuphwanya malamulo a webusaiti pakokha si chifukwa chomangira munthu. Loya amene akufuna kupitiriza mlandu a CCIPS atamulangiza molemba kuti asiye, ayenera kudziwitsa wachiwiri kwa nduna.

Dziwani kuti iyi ndi ndondomeko ya unduna chabe. Woimbidwa mlandu sangaidalire kukhothi, ndipo boma lina likhoza kuisintha m'mawa umodzi.

## Nyimbo, mafilimu ndi zinsinsi za makampani

Pa kuba ntchito zaluso, funso loyamba la woyang'anira ndi lakuti: uwu ndi mlandu wa boma kapena ndi mkangano wa amalonda? Makampani akuluakulu ali ndi maloya awo ndipo akhoza kusumira okha. Amakonda kuti boma liwamenyere nkhondo, chifukwa ndende imaopsa kuposa chipukutamisozi. N'chifukwa chake lamulo lidaika muyeso: kuti kukopera nyimbo kapena mafilimu kukhale mlandu waukulu, pafunika makope osachepera 10, a mtengo woposa madola 2,500, m'masiku 180, komanso umboni woti munthuyo adachita dala.

Zinsinsi za makampani zimatetezedwa ndi lamulo la 1996, Economic Espionage Act. Ndi lamulo limeneli lomwe lidagwira Anthony Levandowski, injiniya amene adatenga mafayilo a Google okhudza magalimoto odziyendetsa okha. Adalamulidwa miyezi 18 mu 2020, kenaka pulezidenti Donald Trump adamukhululukira mu January 2021. Mlandu ukakhala woti zinsinsizo zimapita ku boma lakunja, sungayambe popanda chilolezo cha nthambi ya zachitetezo cha dziko ku Washington.

Apa ngozi ina ndi umboni umene loya sakuumvetsa. Mu May 2015 a FBI adamanga Xiaoxing Xi, mphunzitsi wa sayansi pa Temple University, ati adatumiza ku China mapulani a chipangizo chachinsinsi. Akatswiri ataona mapulaniwo adapeza kuti anali a chipangizo china. Mu September milandu idathetsedwa, koma banja lake linali litaona kale mfuti pakhomo m'mbandakucha. Chaka chotsatira undunawu udalamula kuti milandu yokhudza chitetezo cha dziko iziyang'aniridwa kwambiri ndi likulu. Katswiri mmodzi wodziimira payekha, atafunsidwa munthu asanamangidwe, akadapewetsa zonsezi.

## Pamene mbava zili kunja

Kuyang'anira kulinso ndi mbali yolumikiza anthu. Magulu otseka makompyuta a ena n'kumafuna dipo amabera zipatala, masukulu ndi makampani m'zigawo zambiri nthawi imodzi, ndipo maofesi asanu akhoza kumasaka gulu limodzi osadziwana. Kampani ya mafuta ya Colonial Pipeline itatsekedwa mu May 2021, wachiwiri kwa nduna Lisa Monaco adalamula kuti milandu yonse ya dipo izidziwitsidwa ku CCIPS. Mu June chaka chomwecho boma lidalanda mabitikoini 63.7 mwa dipo limene kampaniyo idalipira.

Pa gulu lina lofuna dipo lotchedwa Hive, a FBI adalowa m'makompyuta ake mu July 2022 n'kukhala chete miyezi ingapo, akupereka makiyi otsekulira kwa oberedwa oposa 300, omwe akadalipira madola pafupifupi 130 miliyoni. Pomwe ntchitoyi inkalengezedwa mu January 2023, panalibe womangidwa ngakhale mmodzi. Ofesi yowerengera maloya ake potengera chiwerengero cha opita kundende ikadaona ngati miyezi ija idapita pachabe, chonsecho zipatala ndi masukulu adatsekula makompyuta awo osalipira kanthu.