Mtsinje Ukaphwa Mvula Ili Mkati

M'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la America, muli mathithi opanda madzi. Amatchedwa Dry Falls. Phompho lake ndi lakuya mamita pafupifupi 120, ndipo m'lifupi limapitirira makilomita asanu, kuwirikiza katatu mathithi a Victoria pa Zambezi. Koma pamwamba pake sipadutsa mtsinje uliwonse. Dera lonselo ndi louma, lodzaza ndi zigwa zokumbika m'thanthwe, ndipo miyala yaikulu ngati nyumba ili mbwee m'minda ya anthu.

M'chaka cha 1923, katswiri wa miyala J Harlen Bretz ananena kuti zonsezi zinachitika ndi madzi ochuluka zedi amene anadutsa kwa masiku owerengeka. Anzake sanamukhulupirire. Iwo anazolowera kuganiza kuti madzi amadya thanthwe pang'onopang'ono, ndipo funso lawo linali lomveka: madzi oterowo anachokera kuti? Yankho linabwera ndi katswiri wina, Joseph Pardee. Pa nthawi imene madzi oundana anakuta mbali yaikulu ya kumpoto kwa America, chimulu cha madzi oundanawo chinatseka mtsinje wa Clark Fork ku Idaho. Kuseri kwa khomalo kunadzaza nyanja yaikulu mpaka ku Montana, yozama mamita pafupifupi 600 pafupi ndi khomalo, imene lero amaitcha Lake Missoula. Khomalo litagonja, nyanja yonse inakhuthuka. Mu 1942 Pardee anafotokoza za mizere imene madzi anasiya pansi pa nyanjayo, yofanana ndi timizere timene timaona pamchenga wa kudambo, koma yotalika kuposa nyumba. Bretz analandira mendulo ya Penrose mu 1979, ali ndi zaka zoposa 90. Analeza mtima bamboyu.

Chimene chimatikhudza m'nkhaniyi ndi chakuti madzi aja anayamba atsekeredwa, kenaka anamasuka nthawi imodzi. Zoterezi zikuchitikabe. Pa 13 December 1941, nyanja ya Palcacocha m'mapiri a dziko la Peru inaswa khoma lake la miyala ndi dothi, ndipo matope anakwirira mbali ina ya mzinda wa Huaraz ndi kupha anthu osachepera 1,800. Mu September 2023, namondwe Daniel anadzaza madamu awiri kumtunda kwa mzinda wa Derna ku Libya. Madamuwo anagumuka usiku anthu ali m'tulo, ndipo anthu oposa 4,000 anafa. Kumeneko khoma linali lomangidwa ndi anthu, ndipo linali litakhala zaka zambiri osakonzedwa.

Kwathu kuno tilibe madzi oundana, koma mapiri tili nawo. Makolo athu anali ndi dzina la madzi otuluka m'phiri mwadzidzidzi atasenza miyala ndi mitengo: Napolo. Amene ali ndi zaka zokwanira akukumbukira za ku Phalombe mu March 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka, ndipo tonse tikukumbukira za ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pa nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023. Mvula ikagwa masiku angapo, dothi la m'phiri limakhuta madzi n'kutsetsereka. Nthawi zina dothilo limatseka khwawa, madzi n'kumadzaza kuseri kwake monga zinachitikira ku Missoula, ngakhale pang'ono chabe poyerekeza.

Apa m'pamene mabanja okhala m'munsi mwa mapiri ayenera kukhala tcheru. Mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, tisasangalale. Kumtunda kungakhale kwatsekeka. Chimodzimodzinso madzi oyera akasanduka matope mwadzidzidzi, kapena tikamva mkokomo ngati wa galimoto zolemera kuphiri. Imeneyo si nthawi yomasula mbuzi kapena kunyamula matumba a chimanga. Titenge ana ndi okalamba, tichoke m'mphepete mwa khwawa n'kukwera cham'mbali, osathamangira kumunsi motsata madzi, chifukwa matope amathamanga kuposa munthu.

Banja lililonse ligwirizane mvula isanayambe za malo okwera okakumanako usiku, ndipo ana awadziwe. Pobwerera kunyumba, madzi a pachitsime ngakhale a pamjigo umene unamira tiwawiritse kapena kuthiramo klorini tisanamwe, pakuti zimbudzi za m'mudzi zinasefukira pamodzi ndi mtsinje.