Musanalembetse dzina ku pulojekiti ya malonda osamala chilengedwe, yambani mwawerengera

Masiku ano sipatha mwezi osamva kuti kwabwera bungwe lofuna amayi ndi achinyamata kuti liwaphunzitse malonda osamala chilengedwe. Ena akuphunzitsa kuumba makala a zinyalala omwe ambiri akuwatchula kuti mabriketi, ena mbaula za Chitetezo, ena ulimi wa njuchi, manyowa a zinyalala za mumsika, nyali za sola, kapena kusoka zikwama zolowa m'malo mwa majumbo. Malonda amenewa ndi enieni ndipo alipo anthu akudya nawo. Koma aliponso magulu omwe makina awo akuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba ya tcheyamani, pamene mamembala akubweza ngongole ya katundu amene sanagulidwe. Inu amene muli kale ndi kageni kanu ka tomato, mandasi kapena kaunjika, tsiku lililonse lomwe mwatseka benchi kupita ku maphunziro ndi ndalama yotayika, choncho muli ndi ufulu wofunsa mafunso musanavomere.

Funso loyamba, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse: pulojekiti ikadzatha, katunduyu adzagula ndani? Mapulojekiti ambiri amakhala a zaka ziwiri kapena zitatu. M'nthawi imeneyi bungwe limatha kumagula lokha katundu wa gulu pamtengo wabwino, kumunyamula pa galimoto yake, n'kukamuonetsa ku ziwonetsero za malonda. Zinthu zimaoneka ngati zikuyenda. Galimoto ija ikasiya kubwera m'pamene mumadziwa ngati munali ndi msika kapena munali ndi wokuthandizani chabe. Ndiye afunseni alangiziwo kuti akutchulireni ogula amene si a bungwelo: wa chipisi uti, lesitilanti iti, sukulu yogonera iti, woweta nkhuku uti amene amafuna moto wofunditsira anapiye. Akatchula, pitani nokha mukafunse kuti amagula zingati, pa mtengo wanji, ndipo amalipira pompo kapena pakutha pa mwezi. Ngati yankho lake lili lakuti "msika ulipo wambiri, anthu akungofunika kuwaphunzitsa", dziwani kuti ntchito yophunzitsa anthuwo idzakhala yanu, ndipo palibe adzakulipireni.

Tiyeni tione mabriketi, chifukwa ndiwo akutchuka kwambiri m'matauni. Mfundo yake ndi yomveka. Mabanja ambiri ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu amaphikira makala, mitengo ikutha, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso. Wogulitsa makala wamba amadziwa yekha mmene mtima umagundira akamayandikira pa rodibuloko. Mabriketi amapangidwa kuchokera ku utuchi, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga kapena zitsononkho. Ena amayamba aotcha zinyalalazi kuti zide ngati makala, n'kuzisinja, kuzisakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa kuti zigwirane, kenaka n'kuzipanikiza m'makina ndi kuziyanika.

Pa maphunziro amakuuzani kuti zipangizo zake ndi zaulere popeza ndi zinyalala. Pamenepo m'pamene masamu amayambira kusokonekera. Utuchi ndi waulere tsiku loyamba. Mwini malo ochekera matabwa akaona kuti mukubwera sabata iliyonse ndi matumba, amauika pa mtengo, ndipo mukupikisana ndi oweta nkhuku amene amaufuna woyala m'khola. Makoko a mtedza amachuluka anthu akamaswa mtedza pambuyo pokolola, koma pofika Januwale muziwafuna ndi nyali. Ngakhale atakupatsani ulere, wa kabaza kapena wa ngolo sanyamula ulere.

Tiyerekeze motere, ndipo manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya kumsika kwanu. Gulu la amayi 10 likugwira ntchito masiku 16 pamwezi n'kupanga makilogalamu 1,000. Likagulitsa pa K500 pa kilogalamu, ndalama yonse ndi K500,000. Imeneyi ndiyo nambala imene imalembedwa pa bolodi, anthu n'kuwomba m'manja. Tsopano chotsani K120,000 yogulira ndi kututira zinyalala, K60,000 ya ufa wa chinangwa, K40,000 ya matumba, K70,000 ya thiransipoti yopita kumsika pamodzi ndi tikiti ya khonsolo, K50,000 ya mabriketi ophwanyika panjira ndi osauma bwino, ndi K30,000 yosungira kukonzetsa makina. Zonsezi ndi K370,000. Yotsala ndi K130,000. Mukagawana anthu 10, aliyense watenga K13,000, kutanthauza pafupifupi K800 pa tsiku lomwe wagwira ntchito. Funso ndi lakuti: pa benchi yanu ija mumapeza zingati patsiku? Ngati mumapeza zoposa pamenepo, pulojekitiyi ikubwezani m'mbuyo ngakhale ili yabwino ku nkhalango.

Masamu omwewa akuonetsanso pomwe pali mwayi. Gulu lokhala pafupi ndi chigayo cha mpunga kapena malo oswera mtedza, lomwenso ogula ake akubwera okha kudzatenga, lachotsa kale mbali yaikulu ya thiransipoti. Anthu anayi akamakwanitsa ntchito yomwe anapatsidwa anthu 10, gawo la aliyense limakula. Vuto ndi lakuti mabungwe amakonda magulu aakulu, chifukwa ku malipoti awo amawerenga chiwerengero cha anthu amene afikiridwa. Makina amodzi pa anthu 25 amakoma pa lipoti, koma pogawana phindu aliyense amabwerera kunyumba ndi ya sopo basi, ndipo sipatenga nthawi kuti mamembala ayambe kujomba.

Musaiwale nyengo. Mabriketi amafuna dzuwa la masiku angapo kuti aume mpaka mkati. Makala amakwera mtengo nthawi ya dzinja, misewu ikaonongeka ndipo ootcha ali kumunda, ndiye nthawi yabwino yogulitsa ndi yomweyonso imene kuyanika kumavuta. Amene amapindula ndi amene anapanga katundu wambiri m'chilimwe n'kumusunga pouma. Izi zimafuna shedi yosadontha komanso mpamba woti ugone miyezi itatu kapena inayi osabwerera. Funsani ngati pulojekitiyo yaganizirapo za shedi, kapena ikungopereka makina.

Kenaka yesani katunduyo ngati kasitomala. Tengani mabriketi ndi makala ogulidwa ndi ndalama yofanana, mbaula ziwiri zofanana, miphika iwiri ya nyemba zofanana. Onani kuti ndi moto uti wayaka msanga, uti wafuka utsi, uti wasiya phulusa lambiri lotseka mabowo a mbaula, ndipo uti waphika nyemba mpaka kupsa osaonjezera. Mayi wogula kamulu ka makala madzulo safunsa za kilogalamu, ndipo za kusintha kwa nyengo amazimva pa wailesi. Iye akufuna kudziwa ngati ndalama yomweyo iphika nsima ndi ndiwo. Mabriketi opangidwa bwino amakhalitsa pamoto, n'chifukwa chake amayenda kwa ophika nyemba, owiritsa chimanga ndi oweta nkhuku. Opangidwa mwachinyengo, othiridwa dothi lambiri kuti alemere, kasitomala amagula kamodzi kokha ndipo amakauza mzere wonse wa nyumba.

Palinso magulu amene amaumba mabriketi ndi fumbi lotsalira kwa ogulitsa makala. Amayaka bwino ndithu, koma malonda otere akudalira makala omwe aja amene lamulo likulimbana nawo. Musanaike ndalama, fikani ku ofesi ya za nkhalango ya boma lanu mukafunse ngati mtundu wa mabriketi anuwo ukufunika chiphaso, ndiponso pepala lomwe mungaonetse panjira, chifukwa thumba la zinthu zakuda pa njinga limaoneka chimodzimodzi kwa wapolisi.

Mbaula za Chitetezo zili ndi nkhani yakeyake. Mu 2013 boma linaika cholinga choti mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, ndipo magulu ambiri a amayi anaphunzira kuumba. Mbaulayi imasungadi nkhuni poyerekeza ndi mafuwa. Koma woigulitsa akumbukire kuti si tomato. Banja likagula imodzi silibweranso mawa, ndiye mudzi umodzi umakhuta msanga ndipo muyenera kupita nazo kutali, komwe zina zimasweka panjira. Dongo labwino silipezeka paliponse, ndipo uvuni wootchera umadyanso nkhuni. China chofunika kufufuza ndi ichi: kodi m'dera lanu mulibe bungwe lina lomwe likugawa mbaula ulere? Alipo makampani amene amagawa mbaula mwaulere kapena motsika mtengo chifukwa amapeza ndalama kunja kudzera mu malonda a kaboni, pomwe amalipidwa chifukwa chochepetsa utsi woononga mlengalenga. Ngati akugula kwa inu mbaula zogawazo, muli pabwino, bola pakhale mgwirizano wolemba wonena chiwerengero, mtengo ndi tsiku lolipira. Ngati akuzitenga kwina n'kudzagawa m'mudzi mwanu, palibe adzagule yanu.

Achinyamata ambiri akukopeka ndi za sola, kukhala maejenti ogulitsa nyali ndi timawailesi zolipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Apa mafunso ndi awiri. Kasitomala akasiya kulipira, kapena nyali ikafa isanathe miyezi ya chitsimikizo, amaluza ndani, kampani kapena inu amene mumakhala naye mudzi umodzi? Lachiwiri ndi la kwacha. Katunduyu amachokera kunja. Amene anagulitsa pa ngongole kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anatolera ndalama zawo bwinobwino, koma atapita kukaoda anapeza kuti sizikukwananso katundu wofanana ndi amene anagulitsa. Ngati mukuoda ndi mpamba wanu, musabalalitse katundu yense pa ngongole yaitali.

Za zikwama sindichulukitsa. Malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 anakhazikitsidwa mu 2015, ndipo khothi la Supreme linawavomereza mu 2019, ngakhale milandu inapitirira pambuyo pake. Telala amene ali kale ndi makina ndi zidutswa za zitenje sataya kanthu poyesa. Koma wofuna kukongola makina chifukwa cha zikwama zokha ayambe wayenda mumsika mwake n'kuona ngati jumbo yasowadi.

Tsopano ngongole. Mapulojekiti ena amapereka zipangizo ulere, ena amakulumikizani ku SACCO kapena ku mabungwe ena obwereketsa ndalama, ndipo ena amayembekeza kuti mutapa ku banki m'khonde. Chofunika kuyang'ana ndi kugwirizana kwa tsiku loyamba kubweza ndi tsiku loyamba kugulitsa. Njuchi ndi chitsanzo chabwino. Mukapachika ming'oma lero, njuchi sizilowa mawa, ming'oma ina imatha chaka osalowedwa, ndipo uchi umafulidwa pa nyengo yake. Ngongole ya banki m'khonde, yomwe chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, siyenerana ndi malonda otere. Mudzapezeka mukubweza ndi ndalama ya tomato, mpamba wa tomatowo n'kutha. Manyowa nawo amatenga masabata angapo kuti apse ndipo amagulidwa kwambiri poyandikira dzinja ndi nthawi ya madimba. Ndipo ngati ngongole ili ya pagulu, funsani mosabisa kuti mmodzi akathawa abweza ndani. Nthawi zambiri yankho ndi lakuti otsalanu.

Kwa amayi pali zina zomwe sizilembedwa m'mapepala a pulojekiti. Ntchitoyi ikugwiridwa nthawi yanji, ndipo ana, madzi ndi kumunda atsala nazo ndani? Makina ndi shedi zili pa malo a yani? Zimachitika kuti zinthu zikayamba kuyenda, mwini malo amayamba kulankhula ngati mwini bizinesi. Nambala ya foni yolandirira ndalama za gulu ili m'dzina la yani, ndipo ndi angati amene amaona mauthenga ake? Zonsezi zilembedwe m'malamulo a gulu ndalama isanayambe kulowa, anthu akadali kusekerana. Achinyamata nawo afunse ngati maphunzirowo akupereka luso loti munthu angakaligwiritse ntchito payekha gulu litatha, komanso ngati pali satifiketi yodziwika, monga ya TEVETA. Ndipo alawansi ya pa maphunziro isakunamizeni. Holo ikadzaza chifukwa cha K5,000 ya thiransipoti ndi botolo la zakumwa, sizitanthauza kuti anthu onsewo akhulupirira malondawo.

Njira yachidule yodziwira zoona ndi kukaona gulu lomwe bungwe lomwelo linaliphunzitsa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Musapite pa tsiku lokonzedwa, lija amayi amavala zitenje zofanana n'kuimbira alendo. Pitani Lachiwiri wamba. Onani ngati pa thandala payanikidwa katundu, funsani kuti anayamba angati ndipo atsala angati, makina anawonongeka kangati ndipo anakonza ndi wowotcherera wa pamsika kapena anadikira munthu wochokera ku Lilongwe. Pemphani kuona kope la malonda a miyezi itatu yapitayi. Bungwe lochita zoona silikana kukulozerani gulu lotere.

Pomaliza, chenjerani ndi aliyense wofuna ndalama ya fomu kapena yolembetsera kuti mudzalandire thandizo, makamaka akamati mutumize pa foni lero lomwe chifukwa malo atsala ochepa. Mabungwe omwe si aboma amayenera kulembetsedwa ku NGORA, ndipo ogwira ntchito m'boma lanu amayenera kudziwika ku khonsolo. Ofesi ya DC kapena mlangizi wa chitukuko cha m'madera angakuuzeni ngati akuwadziwa, ndipo kufunsako n'kwaulere. Mukakhutira ndi zonsezi, yambani ndi matumba awiri kapena mbaula zisanu pambali pa benchi yanu, muzilemba padera ndalama yake kwa miyezi itatu, tomato akugulitsidwabe monga mwa masiku onse.