Munthu Wowelenga Madzi: Nchito Yake ndi Maphunzilo Ake

Tonse tikali kukumbukila caka ca 2024. Cinayamba ndi kolela, mpaka bwalo la National Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala, ndipo ana athu anacedwa kutsegulila sukulu. Pa 29 February, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Cimanga cinauma cisanabeleke, madzi anatsika ku Kariba, ndipo malaiti anali kuoneka kwa maola ocepa cabe pa tsiku. Gwelo la mavuto onsewa linali madzi, kwina ocepa, kwina oipitsidwa. Tinapemphela, ndipo tinacita bwino. Koma Mulungu amatithandizanso kupitila mwa anthu amene anaphunzila mayendedwe a madzi. Mmodzi wa iwo ndi katswili amene pa Cizungu amachedwa hydrologist.

Nchito yake ndi kuyankha mafunso atatu: madzi alipo oculuka bwanji, apita kuti, ndipo adzafika liti. Amayamba ndi mvula, imene imapimidwa m'mamilimita. Milimita imodzi imaoneka yocepa, koma ikagwa pa munda wa hekita imodzi ndiye kuti pagwa malita 10,000. Ena amauma ndi dzuwa, ena amalowa m'nthaka, ena amathamangila kumtsinje. Pamilatho ina mumaona cipilala colembedwa manambala coimikidwa m'madzi. Tsiku lililonse wina amawelenga pamene madzi afika ndi kulemba m'buku. Katswili amapimanso kukula kwa mtsinje ndi liwilo la madzi, kuti adziwe malita amene apita pamalowo pa sekondi imodzi. Zolemba za caka cimodzi sizinena zambili, koma za zaka makumi angapo zimaonetsa kutalika kumene mlatho ufunika kukhala nako, kukula kwa damu, ndi malo amene sitiyenela kumangapo nyumba.

Citsanzo cabwino ndi mtsinje wa Zambezi. Mvula imene imagwa ca ku Mwinilunga, kumene mtsinjewu unayambila, siifika ku Kariba mawa lake. Madzi amapimidwa ku Chavuma, kenaka amamwazika m'cigwa cacikulu ca ku Barotse, mmene amacedwa kwa milungu ingapo. Ku Victoria Falls amasefukila kwambili ca mu April, mvula itayamba kale kutha. Akatswili a bungwe la Zambezi River Authority amasonkhanitsa manambala amenewa ndi kuwelengela madzi amene Zambia ndi Zimbabwe angagwilitsile nchito popanga magetsi caka conse. Motelo cigayo ca ku Chipata cikaima mu October, cifukwa cake cinayambila kutali, miyezi yambili kumbuyo.

Palinso madzi a pansi pa nthaka, ndipo apa nkhaniyi ifika pakhomo pa chalichi. Mipingo yathu yambili imasonkha ndalama zokumbila mjigo pa sukulu, pa kiliniki kapena panyumba ya abusa. Timaganiza kuti madzi ocokela pansi ndi abwino cifukwa amaoneka oyela. Koma mbali yaikulu ya Lusaka ili pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mphako, ndipo m'makomboni monga Kanyama madzi ali pafupi kwambili ndi pamwamba. Zoipa za m'cimbudzi cokumba zikhoza kuyenda m'ming'alu imeneyo mosasefedwa mpaka kufika pamjigo. Ndiye cifukwa cake malamulo a 2018 amafuna kuti mjigo ukumbidwe ndi kampani ya laisensi, ulembetsedwe ku WARMA, ndipo utalikilane ndi cimbudzi mamita osacepela 30. WARMA ndi bungwe loyang'anila madzi a dziko lino, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Katswili wa madzi a pansi amasankha malo, amapopa madzi kwa maola ambili kuti aone ngati mjigo sudzaphwa m'cilimwe, ndipo amatumiza madziwo kukapimidwa asanayambe kumwedwa.

Nanga mwana wathu angafike bwanji pa nchito yotele? Maziko ake ndi Giledi 12, ndipo afunika kukhoza bwino masamu, sayansi ndi Cizungu. Jogilafi imathandizanso. Ku University of Zambia angaphunzile uinjiniya wa zomanga ndi zacilengedwe, sayansi ya miyala kapena jogilafi, ndipo ambili amaonjezela digili yaciwili yoona za madzi mwacindunji. Amene afuna dipuloma angayambile ku Natural Resources Development College mu Lusaka, kumene amaphunzitsa uinjiniya wa madzi. Wopita njila ya uinjiniya afunikanso kulembetsa ku Engineering Institution of Zambia. Adziwe kompyuta ndi mapu, koma asaope matope, bwato ndi dzuwa, pakuti mtsinje supimidwa munthu atakhala mu ofesi. Nchito zimapezeka m'boma, ku WARMA, ku ZESCO, m'makampani a madzi, m'migodi ndi m'mafamu othilila. Atsikana athu angaikwanitse mofanana ndi anyamata.

Ciyenelezo cina sicilembedwa pa satifiketi: kukhulupilika. Munthu akalemba nambala yongopeka cifukwa anacita ulesi kupita kumtsinje, bodza lake limalowa m'mlatho umene udzakokoloka. Katswili weniweni amauza mpingo kuti malo amene tasankha si abwino, ngakhale titasonkha kale ndalama. Tikumbukile Yosefe pa Genesis 41. Mulungu anamuululila za njala, koma anthu anapulumuka cifukwa iye anasonkhanitsa ndi kusunga cakudya m'zaka zokolola zambili.

Conco tipempha akulu a mpingo ndi makomiti a zomanga kuti asanaitane galimoto yokumba, ayambe afunsa katswili. Kumene mjigo ulipo kale, madzi apimidwe, makamaka mvula ikayamba. Makolo ndi aphunzitsi a Sande Sukulu, tikaona mwana wokonda masamu, timuuze kuti nchito iyi iliko. Tipitilize kupemphelela mvula, ndipo m'mapemphelo athu tisaiwale anthu amene amaiwelenga.