Loboti ya m'Vidiyo ndi Kompyuta ya m'Thumba

Maganizo ambiri amene anthu a m'dera la Mfumu Simlemba, kumpoto kwa boma la Kasungu, ali nawo pa nkhani ya makompyuta sanachokere m'kalasi, pakuti sukulu zambiri za kumidzi zilibe chipinda cha makompyuta, koma anachokera m'malo amene amapezeka pafupifupi pa msika uliwonse: kanyumba koonetseramo vidiyo, kashopu kotchajira mafoni ndi kubenera nyimbo m'mamemore, ndi foni yeniyeniyo imene mlimi amasunga m'thumba. Kuchokera m'malo amenewa, ena amaiona kompyuta ngati cholengedwa chokhala ndi mtima wake chimene tsiku lina chidzaukira anthu, ena amaiona ngati makina opangira ndalama popanda thukuta, pamene makolo ambiri amangoiona ngati choseweretsa chimene chikuchititsa ana ulesi pa nthawi yosoka fodya. Kwa munthu amene amagwira ntchito ya makompyuta, maganizo onsewa ali ndi gwero limodzi, ndilo kusauzidwa chimene chimachitika m'kati mwa makinawo, ndipo chimenecho si chovuta kumva monga momwe ambiri amaopera.

Mantha a maloboti anafala kwambiri ndi mafilimu monga Terminator, imene inatuluka mu 1984 ndipo Arnold Schwarzenegger anasewera ngati makina okhala ndi thupi la munthu, komanso The Matrix ya mu 1999, momwe makina amasunga anthu ngati ziweto. Mafilimu a mtundu umenewu amamangidwa pa nkhani zopeka zokhudza sayansi, ndipo amakoma kwambiri akatanthauziridwa m'Chichewa ndi anyamata aluso amene amaika mawu awo pamwamba pa mawu a osewera. Koma ndi ochepa amene amadziwa kumene mawu akuti loboti anachokera. Analowa m'zinenero za dziko lapansi kudzera m'sewero la R.U.R., limene Karel Čapek wa ku Czechoslovakia anasindikiza mu 1920, ndipo tsinde lake ndi mawu akuti robota, otanthauza ntchito yokakamiza imene alimi osauka ankagwirira eni minda. Mmalawi aliyense wodziwa mbiri ya thangata, ntchito imene anthu ankagwira m'maesiteti a Azungu m'chigawo cha kumwera monga malipiro a malo okhala, ndiponso imene inali chimodzi mwa zodandaula za John Chilembwe mu 1915, akhoza kuona kuti sewerolo linkakamba za anthu ogwiritsidwa ntchito popanda mphotho yoyenera. M'dera la fodya ngati Kasungu, kumene mbiri ya matenanti ndi yaitali, nkhani yotere siyachilendo. Mafilimuwa ndi ofunika kuwaonera ngati nthano zounikira khalidwe la anthu, koma pa nkhani ya mmene makina amagwirira ntchito saphunzitsa kanthu.

Kompyuta ndi makina otsata malangizo amene munthu analemba, limodzi ndi limodzi, mothamanga koopsa. Mndandanda wa malangizo otere, wofotokoza chochita kuchokera poyambira mpaka pothera popanda kusiya mpata woganizira, akatswiri amautcha algorithm, mawu ochokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad zaka zoposa 1,100 zapitazo. Ndipo malangizowo akalembedwa m'chinenero chimene makina angatsate, amatchedwa pulogalamu. Wosewera bawo amadziwa kale zimenezi ngakhale sanakhudzepo kompyuta. Bawo ili ndi mabowo 32 m'mizere inayi, ndipo munthu akangosankha bowo loyambira ndi mbali yolowera, zotsala zonse, kaya ndi kutakata kaya ndi kudya, zimatsata malamulo osasintha, kotero kuti katswiri amatha kuwerengera m'mutu kumene njere yomaliza ikagwere asanatole n'komwe. Pamene kompyuta ya Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov pa masewera a chess mu 1997, inachita chimodzimodzi, kungoti inkaunika njira pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi imodzi. Sinkadziwa kuti ikusewera, ndipo itapambana sinakondwere.

Chimene chautsa mkangano masiku ano ndi luso lotchedwa AI, kapena kuti nzeru zochita kupanga, ndipo njira yabwino yolimvetsera ili m'chigafa momwemo. Mwana wa mlimi wa fodya wa bale saphunzira kusankha fodya powerenga malamulo; amakhala pansi pafupi ndi akuluakulu m'mawa kuli kachinyezi, masamba akadali ofewa, n'kumaona tsamba likutambasulidwa pa bondo, likuyang'anidwa mtundu, utali, kung'ambika ndi madontho, kenako n'kuponyedwa pa mulu wake lisanamangidwe m'ndindi. Akalakwitsa amabwezedwa, ndipo pakatha nyengo ziwiri kapena zitatu dzanja lake limayamba kusankha lokha. Akatswiri akafuna kuti makina achite zofanana, amasonkhanitsa zithunzi zikwizikwi za masamba zimene anthu odziwa analembapo kale giredi yake, n'kuzipatsa pulogalamu yokhala ndi manambala ochuluka zedi m'kati mwake. Pulogalamuyo imalosera giredi ya chithunzi choyamba, imauzidwa ngati yaphonya, manambala aja amasunthidwa pang'ono, ndipo zimabwerezedwa kambirimbiri mpaka kuphonya kutachepa. Kumeneko ndiko kumene amati makina aphunzira. Malire ake amaonekera pomwepo, chifukwa makinawo amangodziwa zofanana ndi zimene anaonetsedwa: ngati zithunzi zonse zinajambulidwa pa kuwala kwa magetsi, adzasokonezeka ndi mdima wa m'chigafa cha udzu, ndipo sangamve ndi chala kuti tsamba lanyowa kwambiri moti likadindidwa pa jeke belo lidzachita nkhungu, kapena kumva fungo limene mlimi amalizindikira asanatsegule n'komwe chiguduli.

Mapulogalamu ocheza ndi anthu monga ChatGPT, imene inatulutsidwa mu November 2022, anaphunzitsidwa mwa njira yomweyo, kungoti m'malo mwa masamba anapatsidwa zolemba zochuluka za pa intaneti ndi m'mabuku, ndipo ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatira pa mawu amene alembedwa kale. N'chifukwa chake amalemba bwino m'Chingerezi, chimene chili ndi zolemba zosawerengeka, koma amapunthwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, zinenero zimene zimalankhulidwa tsiku ndi tsiku kumpoto kwa Kasungu koma zolembedwa zake pa intaneti n'zochepa, ngakhale kuti Google inaika Chichewa pa pulogalamu yake yomasulira mu 2014. N'chifukwa chakenso amatha kunena bodza molimba mtima ngati choonadi, pakuti chimene amafunafuna ndi mawu omveka bwino pamalopo. Mlimi amene wafunsa pulogalamu yotere mlingo wa mankhwala opopera pa nazale ayenera kukatsimikiza kwa mlangizi wa zaulimi ndi pa chizindikiro cha botolo, chifukwa nazale ikapsa pulogalamuyo sidzabweza mbewu.

Boma la Kasungu lili ndi zitsanzo zakezake za mmene luso lenileni limaonekera. Mu June 2017, boma la Malawi mogwirizana ndi UNICEF linatsegula pa bwalo la ndege la Kasungu dera loyeseramo timandege topanda woyendetsa m'kati, totchedwa ma drone, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalopo, ndi cholinga choona ngati tingajambule malo osefukira madzi, kunyamula mankhwala ndi magazi okayezedwa, kapena kufikitsa netiweki kumalo ovuta. Kandege kotere kamadziwa pamene kali polandira mauthenga a GPS kuchokera ku masetilaiti, ndipo kamatsata njira imene munthu wajambula pa mapu a pa kompyuta. Kumbuyo kwake kuli woyendetsa, wokonza mabatire ndi wosanthula zithunzi, ntchito zimene sukulu ya African Drone and Data Academy, yotsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, inakhazikitsidwira. Chitsanzo china ndi cha William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, amene atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito buku la Using Energy la m'laibulale ya kwawo, dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Filimu ya mbiri yake, imene Chiwetel Ejiofor anatsogolera n'kutuluka pa Netflix mu 2019, imaonetsa ntchito ya katswiri moona kuposa filimu iliyonse ya maloboti, chifukwa muli kuwerenga movutikira, kuyesa, kulephera, ndi kunenedwa wamisala ndi anansi.

Masewera a pa kompyuta nawonso sayenera kuweruzidwa mothamanga. Anyamata awiri akakhala pa benchi m'kashopu ka PlayStation, atagwira zoseweretsera zomatidwa ndi tepi, TV ikuyendera batire ya sola, makinawo amakhala akubwereza ntchito imodzi ka 30 kapena ka 60 pa sekondi iliyonse: kuwerenga batani limene labanidwa, kuwerengera kumene mpira ndi osewera onse 22 afika potsata masamu a liwiro ndi kulemera, kenako kujambula chithunzi chatsopano. Kupanga masewera otere ndi ntchito yaikulu ya akatswiri a masamu, ojambula ndi oimba, ndipo mwana amene wayamba kufunsa chifukwa chake mpira umakhota motero wayandikira khomo la maphunzirowa, ngakhale kuti kudziwa kusewera sikupanga munthu kukhala wolemba mapulogalamu, monga momwe kukwera minibasi tsiku ndi tsiku sikupangira munthu umakaniko.

Chimene chiyenera kulekanitsidwa kotheratu ndi masewera ndi juga ya pa foni, makamaka ija anthu anaipatsa dzina loti kandege, momwe chithunzi cha ndege chimakwera pamodzi ndi ndalama yobetcha mpaka chitazimiririka mwadzidzidzi. Pamene ndegeyo ithere pamasankhidwa ndi pulogalamu yotulutsa manambala mwachisawawa, ndipo masamu ake anakonzedwa kuti pa ndalama zonse zimene anthu amaika, gawo lina lizitsala ndithu kwa mwini juga. Zimene zinachitika pa maulendo khumi apitawo sizinena kanthu za ulendo wotsatira, kotero kuti palibe luso la zala kapena nthawi ya usiku imene ingasinthe zotsatira, ndipo aliyense wogulitsa pulogalamu yoti imalosera kandege akugulitsa mphepo, pakuti akanakhala nayo yoona sakanavutika kuitsatsa pa WhatsApp. N'zomvetsa chisoni kuti nyengo imene misika ya fodya monga wa Chinkhoma imatsegulidwa, ndalama ya thukuta la chaka chonse ikalowa m'mabanja, ndi imenenso mayesero otere amakula. Chimodzimodzinso akuba a pa foni, aja otumiza uthenga woti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina kapena oimba ngati ogwira ntchito ku kampani ya mafoni, kawirikawiri saboola makina alionse monga zimachitikira m'mafilimu. Amangonyengerera munthu kuti aulule yekha nambala yake yachinsinsi, mchitidwe umene ndi mlandu ndithu m'dziko limene lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016.

Ntchito za makompyuta zimene zilipodi m'Malawi zimakhudza kwambiri kusunga ndi kuyendetsa kaundula. Mu 2001 akatswiri amene anayambitsa bungwe la Baobab Health anaika makompyuta ongodina pa galasi m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe kuti azilembera odwala. Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo Mpamba wa TNM mu 2013. Mu 2017 nthambi ya NRB inalembera anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Ndipo belo lililonse logulitsidwa ku okushoni limalowa m'kaundula wosonyeza mwini wake, kulemera, mtengo ndi zodulidwa ndalama isanafike ku banki. Paliponse pamenepa pali wolemba mapulogalamu, woyang'anira nkhokwe ya zolembedwa yotchedwa database, wolumikiza netiweki, woteteza zinsinsi za anthu ndi wokonza zida zikawonongeka, ndipo tsiku lawo lalikulu limathera pofufuza chifukwa chake chinthu chakana kugwira ntchito, kuwerenga malangizo a m'Chingerezi ndi kumvetsera madandaulo a ogwiritsa ntchito makinawo.

Maphunziro ake amapezeka ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuzu University ndi ku sukulu ya boma ya NACIT, ndipo khomo lake ndi kukhoza bwino masamu ndi Chingerezi pa mayeso a MSCE, maphunziro amene mwana wa ku sekondale yoyendera ya ku Simlemba angawalimbikire ngakhale asanaone kompyuta. Atsikana sayenera kuuzidwa kuti iyi ndi ntchito ya amuna, pakuti malangizo amene ambiri amawatcha pulogalamu yoyamba anasindikizidwa ndi Ada Lovelace mu 1843, ndipo malo ophunzitsira achinyamata luso limeneli a mHub ku Lilongwe anayambitsidwa ndi Rachel Sibande. Makolo akuyeneranso kumva zoona zake asanagulitse mbuzi: satifiketi ya miyezi itatu yophunzira kutaipa ndi yothandiza koma siipanga munthu kukhala katswiri, ndipo ntchito zolembedwa zambiri zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene ofunsira amachuluka kuposa malo.

Kumudzi mpata woyandikira uli pa magetsi ndi pa kukonza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri, n'chifukwa chake mapanelo a sola, mabatire ndi mainiveta achuluka pa madenga ndi m'mashopu, ambiri olumikizidwa mongoyerekeza, opanda kachida koletsa batire kudzaza mopitirira muyezo, moti amafa chaka chisanathe. Wachinyamata wodziwa kuyeza mphamvu ya magetsi ndi mita, kuwerengera kuti panelo ya mawati 100 ingatchaje mafoni angati pa tsiku, kuwotcherera pakamwa pa chaja pamene pathyoka ndi kupulumutsa manambala a m'foni yofa, ali ndi makasitomala kale pa tsiku la msika, ndipo malamulo a magetsi amene akugwiritsa ntchito pa tebulo lakelo ndi omwewo amene anzake amayamba nawo m'chaka choyamba cha uinjiniya ku Blantyre ndi ku Thyolo.