FUMBI LA MALATA A ASIBESITOSI LIMAPHA MWAKACHETECHETE

Mvula yoyamba ikamagwa kuno ku chigwa cha Mua, Golomoti ndi Mtakataka, kawirikawiri imadza ndi mphepo yamkuntho imene imasasula madenga a sukulu. Pamenepo makolo amaitana amisiri, omanga ndi akalipentala, kuti akonze msanga ana asaphunzirire pansi pa mtengo. Ntchitoyi ndi yotamandika, koma pa nyumba zina zakale muli choopsa chimene ambiri sachidziwa.

Sukulu zina m'dera lino ndi zakale ndithu, pakuti mishoni ya Mua inayamba m'chaka cha 1902. Zambiri zinafoleredwa ndi malata achitsulo, ndipo amenewa alibe vuto limene tikunenali. Koma m'dziko muno muli nyumba zina zimene denga lake, siling'i kapena mapaipi ndi a simenti yosakaniza ndi asibesitosi. Malata otere ndi otuwa, ochindikala, olemera, ndipo sapindika koma amasweka ngati phale. Anthu ankawakonda chifukwa sachita dzimbiri, sapsa, ndiponso satentha kwambiri m'nyumba.

Asibesitosi ndi mwala wokhala ndi timaulusi. Ankakumbidwa kwambiri m'migodi ya Shabanie ndi Mashaba ku Zimbabwe, ndiponso ku South Africa, maiko amene makolo athu ambiri ankapitako kukagwira ntchito. Lata likakhala lathunthu, osakhudzidwa, kuopsa kwake nkochepa. Koma mmisiri akalicheka, kuliboola, kulipala kapena kuliswa louma, timaulusi tosaoneka ndi maso timauluka. Munthu akatipuma timakakhazikika m'mapapo, ndipo thupi limalephera kutichotsa tonse.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Wopuma fumbili sadwala tsiku lomwelo ai. Pangapite zaka 20, 30 kapena 40 asanamve kanthu. Kenaka mapapo amachita zipsera ndi kuuma, munthu nayamba befu pokwera kamtunda kakang'ono, chifuwa chouma chosatha ndi kuonda. Ena amadwala khansa ya m'mapapo, ena khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma. Wosuta fodya ndiye ali pangozi yoposa ya khansa ya m'mapapo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chopuma fumbili pa ntchito. Nchifukwa chake dziko la Britain linaletsa asibesitosi yense mu 1999, ndipo la South Africa mu 2008.

Zipsera za m'mapapo sizichiritsika. Motero amisiri asunge malangizo awa:

1. Yang'anani denga musanayambe ntchito. Ngati mukukayika, funsani mlangizi wa zaumoyo.
2. Gwirani ntchitoyi ana atatsekera kapena ataweruka.
3. Nyowetsani lata ndi madzi musanalikhudze. Masulani misomali bwino, ndipo mulitsitse lathunthu, osaliponya.
4. Musaponde pa lata lakale, pakuti limathyoka mosachenjeza.
5. Musacheke ndi sowo kapena makina.
6. Mpango kapena kansalu ka pamphuno sikatchinga timaulusiti. Pamafunika chotchingira chenicheni chosefa mpweya, cha mtundu wa P3.
7. Musasese fumbi louma. Pukutani ndi nsanza zonyowa.
8. Vulani zovala za ntchito ndi kusamba musanapite kunyumba. Osazikutumula, kuopa kupatsa fumbi akazi anu ndi ana.

Inunso makolo ndi a komiti ya sukulu muli ndi mbali yanu. Zidutswa za malatawa musagawane kuti mukafolere khola la nkhuku, kuyanikapo nsomba kapena kukazingirapo chimanga. Ana asaseweretse. Zikulungidwe m'pulasitiki wochindikala zili zonyowa, ndipo a zaumoyo a ku boma akuuzeni kokazitaya.

Pomaliza, mawu kwa inu amene munagwirapo ntchito yomanga kapena ya m'migodi kalekale. Zizindikiro za nthendazi zimafanana ndi za chifuwa chachikulu. Ngati muli ndi chifuwa chosatha kapena befu, pitani ku chipatala cha Mua kapena china chapafupi kuti akayeze makhololo ndi kujambula m'chifuwa. Musadikire kufunsidwa. Auzeni adokotala ntchito imene munkagwira, kumene munkagwira, ndi zaka zake. Mawu amenewo angawathandize kupeza chimene chikukuvutani. Ngati mumasuta fodya, lekani lero lomwe.